Mphumu Yosamva Mankhwala Pakhomo Poweta Nkhunda

Mwana wanga wachiwiri anayamba kubanika usiku ali ndi zaka 9. M'chifuwa munkalira ngati muli kamwana ka mphaka, ndipo ankadzuka n'kukhala tsonga pabedi, mapewa ali m'mwamba, akufunafuna mpweya. Kuchipatala anatiuza kuti ndi mphumu, natipatsa inhela yabuluu. Inkathandiza ndithu, koma pakapita masiku awiri kapena atatu zinkayambiranso. Mu Juni tinkati ndi chisanu, mu Okutobala tinkati ndi fumbi, nthawi ya mvula tinkati ndi utsi wa mbaula yomwe tinkalowetsa m'nyumba. Chimene sitinachiganizire ndi khola la nkhunda lomwe linali pamitengo pafupi ndi windo la chipinda chake, lomwenso iye ankalisesa Loweruka lililonse chifukwa nkhundazo zinali zake.

Zinaululika pa holide ya Disembala. Anakakhala kwa azakhali ake milungu itatu, kunyumba kopanda chiweto chilichonse, ndipo inhela sinatuluke m'chikwama. Atabwera kuno, usiku wachiwiri, chifuwa chija chinayambanso kulira. Mayi ake ndi amene anayamba kunena kuti, "Bambo, mwanayu nkhundazi zikumuwenga." Ine ndinakana mwezi wathunthu, poti ndinakula ndi nkhunda ndipo sizinandichitepo kanthu. Mwezi umenewo ndimanong'oneza nawo bondo mpaka lero.

Chimene chimawenga n'chiyani?

Nthenga yaikulu imene mumaiona pansi sivuta, chifukwa silowa m'mphuno. Gwirani nkhunda, mukaisiya muyang'ane zikhatho zanu: mupeza kaufa koyera. Kaufa kameneko kamachokera ku tinthenga tapadera timene timanyenyeka tokha, ndipo mbalame imakapaka thupi lonse ikamadzikonza. Nkhunda zili nako kambiri, chimodzimodzinso zinkhwe zina zimene anthu amasunga m'nyumba ku Johannesburg kapena ku London, makamaka cockatiel, cockatoo ndi African grey. Kuphatikiza pa kaufako pali timamba ta khungu la mbalame, zitosi zouma zosanduka fumbi, ndi utitiri pamodzi ndi tizilombo tina tokhala mu nthenga. Zonsezi n'zopepuka kwambiri, zimayandama mumpweya nthawi yaitali, ndipo mbalame ikangokupiza mapiko zimamwazika paliponse.

Kwa anthu ambiri fumbi limeneli limalowa n'kutuluka popanda vuto. Kwa munthu amene limamuwenga, thupi limaliona ngati mdani. Njira za mpweya zimatupa m'kati, minofu yozizungulira imafinya, ndipo mumadzaza makhololo olimba. Mpweya umadutsa pampata wochepa, n'chifukwa chake umalira ngati likhweru. Izi zimatha kuchitika pakangopita mphindi zochepa, kawirikawiri pamodzi ndi kuyetsemula, mamina ndi kuyabwa maso. Koma pali kubanika kwachiwiri komwe kumabwera patadutsa maola 4 mpaka 8, ndipo n'kumene kumasocheretsa anthu. Munthu wasesa khola 4 koloko madzulo, wabanika pakati pa usiku, m'mawa n'kumanena kuti anagona chosafunda.

Kutsimikiza kuti ndi mbalamezo

Musathamangire kugulitsa ziweto musanatsimikize. Tengani kope, ndipo kwa milungu iwiri muzilemba tsiku lililonse zinthu zitatu: nthawi imene wodwalayo wayandikira mbalame, nthawi imene wabanika kapena kudzuka ndi chifuwa usiku, ndi kuchuluka kwa maulendo amene wapopera inhela yabuluu. Kenako achoke pakhomopo milungu iwiri ina, akakhale kumene kulibe nkhunda, nkhuku kapena abakha, ndipo kopelo lipite naye. Kwa agogo kumudzi si koyesera kwabwino ngati nkhuku zimagona kukhitchini. Masiku awiri sakwananso, chifukwa kutupa kwa m'njira za mpweya kumatenga nthawi kuti kuphwe.

Ngati mungapeze kachipangizo kouzira kotchedwa peak flow meter, kopezeka m'mafamase ena, umboni wanu ulimba kwambiri. Wodwala amauzira katatu ndi mphamvu zake zonse, m'mawa ndi madzulo asanapopere mankhwala, n'kulemba nambala yaikulu pa zitatuzo. Manambala akamatsika ndi 20 pa 100 iliyonse kapena kuposa pamene ali kunyumba, n'kukwera akachoka, ndiye kuti chomuvutitsa chili pakhomopo.

Komabe chili pakhomopo sichikhala mbalame nthawi zonse. Madeya amene timadyetsa nkhunda akanyowa amachita nguwi, ndipo nguwi payokha imayambitsa mphumu. Thumba la madeya limaitananso mphemvu ndi makoswe, zomwenso zimawenga anthu ambiri a mphumu. Amene amalera anapiye kapena zinziri m'chipinda chimodzi cha nyumba yogonamo ali ndi vuto linanso la utuchi wonyowa ndi zitosi, umene fungo lake lobaya limapsereza njira za mpweya ngakhale kwa munthu amene mbalame sizimuwenga. Choncho tulutsani thumba la chakudya cha ziweto m'nyumba kaye, muone ngati pali kusintha. Dokotala angathenso kuyeza pobaya pang'ono pakhungu ndi timadontho ta zinthu zowenga, kapena kuyeza magazi poona asilikali a m'thupi otchedwa IgE. Zotsatira zikapanda kuonetsa kanthu koma kope lanu likuonetsa poyera, musataye kopelo; pitani nalo kwa dokotalayo.

"Tikupopera koma sizikutha"

Apa ndi pamene mabanja ambiri amazungulira chaka ndi chaka, ndipo nafenso tinazungulirapo. Inhela yabuluu, ya salbutamol, yomwe ambiri amangoitchula kuti Ventolin, imamasula minofu yofinya ija kwa maola pafupifupi anayi. Kutupa kwa m'kati siikhudza n'komwe. Wochotsa kutupa ndi mankhwala ena opopera, monga beclomethasone amene nthawi zambiri amabwera mu inhela yabulawuni. Amenewa amapoperedwa tsiku lililonse, wodwala ali bwino kapena ayi, ndipo mphamvu yake imayamba kuoneka pakapita masiku angapo mpaka milungu ingapo. Popeza sapereka mpumulo nthawi yomweyo, anthu amawaponya m'kabati n'kumati sagwira ntchito. Kuyambira mu 2019, bungwe la akatswiri a mphumu padziko lonse la GINA linasiya kulangiza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha, chifukwa kutero kumawonjezera ngozi ya kubanika koopsa. Ngati inhela yabuluu ikugwiritsidwa ntchito kopitirira kawiri pamlungu, kapena mukutha zitini zitatu pachaka, bwererani kuchipatala mukafunse za mankhwala oteteza. Mukapopera yabulawuni muzichukucha m'kamwa n'kulavula, kuti musachite zilonda zoyera palilime.

Chachiwiri ndi kapoperedwe. Anthu ambiri amapopera mankhwala n'kuthera palilime ndi pakhosi, osafika m'mapapo. Chothandiza ndi spacer, kabotolo kamene kamakhala pakati pa inhela ndi pakamwa. Ngati simunaipeze kapena yakwera mtengo, botolo lapulasitiki la 500 ml limagwira ntchitoyi. Dokotala wa ana wa ku Cape Town, Heather Zar, ndi anzake anayesa zimenezi pa ana obanika, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 1999 zinaonetsa kuti botolo lotere limathandiza mofanana ndi spacer yogula. Boolani kunsi kwa botolo bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, ilowe mothina osasiya mpata. Litsukeni ndi sopo wotsukira mbale, lisiyeni liume lokha osapukuta. Pogwiritsa ntchito, khutchumulani inhela, wodwala alume kukamwa kwa botolo n'kutseka milomo, mupopere kamodzi kokha, iye apume bwinobwino kasanu, kenako mubwerezenso ngati pakufunika. Mwana wamng'ono amene sangathe kutseka milomo amafunika spacer yokhala ndi chophimba mphuno ndi pakamwa.

Kumbukiraninso kuti chitini chimodzi cha salbutamol chimakhala ndi mapopedwe 200. Chikatha chimapitiriza kutulutsa kamphepo, munthu n'kumaganiza kuti mankhwala alimo. Lembani pachitinipo tsiku limene mwachitsegula.

Piriton ndi cetirizine amachepetsa kuyetsemula ndi kuyabwa kwa maso, koma sachiza mphumu. Palinso mankhwala amene amaiutsa: aspirin ndi Brufen kwa anthu ena, komanso mankhwala ena a BP monga propranolol. Amene mumamwa mankhwala a BP musasiye panokha, koma auzeni adokotala kuti muli ndi mphumu.

"Mbalame zanga sindingazichotse"

Ndikumvetsa. Nkhunda si nkhuku. Zimakudziwa, zimatera paphewa, ndipo akuluakulu amati sizikhala pakhomo pa mikangano, choncho kukhala nazo kumanyaditsa. Maunda ndi ndiwo ya alendo, ndipo akagulitsidwa amagula sopo ndi makope. Kwa munthu wokhala yekha m'fulati kunja kwa dziko, chinkhwe chimakhala mnzake wolankhula naye akaweruka kuntchito. Koma ndinene mosabisa: palibe kasesedwe kapena chipangizo chimene chimafanana ndi kuchotsa mbalamezo. Zimene ndikutchula apa zimangochepetsa, ndipo zimayenera munthu amene mphumu yake ndi yochepa, yomvera mankhwala.

Khola lichoke pafupi ndi nyumba, lipite kumalire a mpanda, kumbali imene mphepo simachokera kawirikawiri, kutali ndi mawindo a zipinda zogona komanso ndi chingwe choyanikira zovala. Ife tinkayanika mayunifolomu ndi zofunda pansi penipeni pa pamene nkhunda zinkatera, osadziwa kuti tikutengera fumbilo pabedi la mwana. Mbalame ya m'nyumba isalowe m'chipinda chogona ngakhale tsiku limodzi, ndipo isamaulukeuluke pabalaza pamene pali masofa a nsalu ndi makatani.

Wodwalayo asasese khola. Amene akusesa ayambe wawaza madzi kuti zitosi zinyowe, ndipo azipale ndi fosholo kapena khasu, osati kukwapula ndi tsache pouma. Akhale ndi zovala zapadera zogwirira ntchitoyi, ndi chipewa, azivule panja n'kusamba asanalowe m'nyumba, chifukwa tsitsi limasunga kaufa kaja. Ngati palibiretu wina woti asese, masiki yansalu kapena yabuluu ya kuchipatala siyokwanira, fumbi limalowera m'mbali. Pamafunika masiki yosefa fumbi ya mtundu wa N95 kapena FFP3 yogwira nkhope mothina, ndipo ndevu zimailepheretsa kugwira. Kusambitsa mbalame kumathandizanso: ikani beseni la madzi kawiri pamlungu, nkhunda zimasamba zokha, ndipo mudzaona kaufako katayandama pamwamba pa madzi. Amene ali ndi magetsi odalirika angagule makina osefa mpweya okhala ndi sefa yogwira fumbi losalala kwambiri yotchedwa HEPA n'kuwaika m'chipinda chogona.

Dzipatseni malire. Pakatha miyezi iwiri mukuchita zonsezi ndipo inhela yabulawuni ikupoperedwa mokhulupirika, koma wodwala akudzukabe usiku kapena wagonekedwapo m'chipatala, mbalame zichoke. Kwa mwana, ine sindingadikire n'komwe miyezi iwiriyo.

"Tinazichotsa, koma akubanikabe"

Izi zimagwetsa ulesi kwambiri, ndipo ena amabweretsanso mbalame zija poganiza kuti anaziimba mlandu wabodza. Dikirani kaye. Mbalame imachoka tsiku limodzi, koma fumbi lake limatsala m'matiresi, m'makatani, mu neti ya udzudzu, pamwamba pa makabati, m'ming'alu ya pansi ndi pamitanda ya denga. Ofufuza amene anayeza m'nyumba zochotsedwamo mbalame anapeza kuti m'nyumba zina fumbili limapezekabe patapita miyezi 18.

Choncho kuchotsa mbalame kutsatane ndi kuyeretsa kwakukulu, wodwala atapita kwina tsiku limenelo ndi lotsatira. Khola ligwetsedwe, dothi lapansi pake lipalidwe litanyowetsedwa n'kukakwiriridwa. Musatenthe zisa ndi nthenga pafupi ndi nyumba. M'nyumba mupukutidwe ndi nsalu yonyowa kuyambira m'mwamba kutsika pansi, kenako kukolopa. Makatani, neti, mabulangete ndi zidole zansalu zichapidwe, m'madzi otentha ngati nsaluyo ikulola. Kapeti imene inali m'chipinda cha mbalame ndi bwino kuitaya. Bwerezani kupukuta mlungu uliwonse kwa miyezi ingapo, ndipo mankhwala oteteza asasiyidwe msanga.

Zikakanikabe, funani mbalame zimene simukuziona. Pilo kapena chofunda chokhala ndi nthenga m'kati ndi mbalame yomwe mukugona nayo usiku wonse. Majekete otentha a nthenga amene timagula pakaunjika nawonso muwerenge kachikwangwani kake. Nkhunda zosaweta zimamanga zisa pakati pa malata ndi siling'i, m'nyumba, m'makalasi ndi m'matchalitchi. Pali khola la aneba kuseri kwa mpanda, manyowa a zitosi amene mumathira kudimba ndi manja, ndi thumba la nkhuku pansi pa mpando wa minibasi. Kwa ife chinali chisa chakale pansi pa malata a khonde, chimene tinachipeza patatha miyezi itatu.

Pamene si mphumu

Gawo ili ndi limene ndikufuna kuti aliyense woweta mbalame alimvetse, chifukwa apa munthu angataye mapapo ake akuganiza kuti akulimbana ndi mphumu.

Pali matenda ena a m'mapapo obwera ndi fumbi lomweli, amene madokotala amawatchula kuti hypersensitivity pneumonitis. Mwa oweta nkhunda anafotokozedwa bwino mu 1965 ku America ndi dokotala Charles Reed ndi anzake, ndipo ku Britain amadziwika kwambiri pakati pa oweta nkhunda za mpikisano ndi osunga tizinkhwe totchedwa budgie. Matenda amenewa sagwira njira za mpweya ngati mphumu, amatupitsa timatumba ta mpweya ta m'kati mwenimweni mwa mapapo. Munthu amasesa khola masana, pakapita maola 4 mpaka 8 amayamba kuzizidwa, kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, kutsokomola kouma ndi kupuma mobanika. Mawa kapena mkuja wachira. Kwathu kuno aliyense anganene kuti ndi malungo, ndipo akayezetsa osawapeza amati abisala. Chizindikiro chake n'chakuti zimabwera tsiku logwira ntchito kukhola, chifuwa nthawi zambiri sichilira, ndipo inhela yabuluu sithandiza kwenikweni.

Mtundu woopsa kwambiri ndi wobwera mwakachetechete, makamaka kwa amene ali ndi mbalame imodzi kapena ziwiri m'nyumba kwa zaka zambiri. Sipakhala kutentha thupi. Munthu amangoona kuti chitunda chomwe ankakwera akucheza tsopano akupumira pakati, akutsokomola kosatha, akuonda, ndipo nsonga za zala zake zikukula ngati ndodo zoimbira ng'oma. Zimafanana kwambiri ndi TB. Kuyezetsa TB n'koyenera ndithu, ndipo aliyense amene watsokomola milungu iwiri apereke makhololo. Koma ngati makina oyezera TB a GeneXpert sakupeza kanthu, kapena mwamwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi osasintha, auzeni adokotala mawu awa: "Kunyumba ndimaweta mbalame." Pamzere wautali wa kuchipatala si nthawi zonse pamene adzakufunsani, nenani nokha, ndipo pemphani kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu kukajambulidwa mapapo ndi kuyezedwa kapumidwe. Akapezeka msanga, munthu n'kusiyana ndi mbalame kotheratu, mapapo amatha kubwerera m'malo, nthawi zina mothandizidwa ndi mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone. Akachedwa, m'mapapo mumachita zipsera zimene sizichoka. Pa matenda amenewa malangizo aja ochepetsa fumbi sakwanira; mbalame, mapilo a nthenga, zonse zichoke.

Palinso matenda awiri a tizilombo oyenera kuwatchula. Psittacosis amachokera ku mabakiteriya a m'zitosi ndi mamina a mbalame, makamaka zinkhwe ndi nkhunda. Anatchuka mu 1929 ndi 1930 pamene anafalikira ku Ulaya ndi ku America kudzera mu zinkhwe zochokera ku South America. Amayamba patadutsa masiku 5 mpaka 14 munthu atatenga mabakiteriyawo, ndi mutu waukulu, kutentha thupi ndi chifuwa chouma, ndipo amachizika ndi doxycycline. Muwaganizire ngati mwagula mbalame yatsopano kapena zina zafa m'khola. Enawo ndi a Cryptococcus, kabowa kosaoneka ndi maso komwe kamakonda zitosi zouma za nkhunda ndipo kamayambitsa matenda oumitsa khosi mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri. Amene ali ndi HIV ndipo CD4 yawo ili pansi, kapena akulandira mankhwala a khansa, asapale zitosi za nkhunda.

Chinthu china chodabwitsa: akuluakulu ena amene mbalame zimawawenga amayamba kuwengedwanso ndi yolk ya dzira, kachikasu ka pakati kaja, makamaka dzira likakhala losapsa bwino, chifukwa muli puloteni yofanana ndi ya m'thupi la mbalame. M'kamwa mukamayabwa, milomo kutupa kapena kubanika mutadya dzira, lisiyeni ndipo mukanene kuchipatala.

Usiku umene zafika poipa

Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 mphumu inapha anthu 455,000 padziko lonse, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka. Mukhazikeni wodwala tsonga, osamugoneka. Mutulutseni pamene pali mbalame kapena utsi. Poperani inhela yabuluu kudzera m'botolo lija, kamodzi pa masekondi 30 mpaka 60 alionse, mpaka kakhumi. Musamufunditse bulangete pa nthunzi ya masamba a bulugama. Zimangotaya nthawi ndipo fungo lake lingawonjezere kubanika. Nyamukani kupita kuchipatala nthawi yomweyo ngati sakutha kumaliza chiganizo polankhula, ngati nthiti ndi pakhosi zikulowa m'kati akamapuma, ngati lilime ndi m'kati mwa milomo mwasintha mtundu kukhala motuwa kapena mwabuluu, kapena ngati akuodzera. Chifuwa chomwe chinkalira chikangoti zii koma munthu akuvutikabe, musaganize kuti wapeza bwino: mpweya wasiya kudutsa. Pitirizani kupopera muli m'njira. Ngakhale atapeza bwino kunyumba, akaonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, chifukwa kubanika kwachiwiri kuja kungabwere.

Nkhunda zathu 14 zinapita kwa msuweni wanga, mtunda woyenda ola limodzi pa njinga. Zinayi zinabwerera mlungu woyamba n'kutera pamalo pomwe panali khola, moti tinachita kuzigwira usiku n'kuzibwezanso, ndipo msuweniyo anazitsekera milungu ingapo kuti zizolowere. Mwana analira, ndipo kwa masiku angapo sanandilankhule. Anapitiriza inhela yabulawuni chaka chathunthu, kenako adokotala anamuchepetsera pang'onopang'ono. Tikapita kwa msuweni amaziona ali patali, cha kumtengo wa mango, ndipo tikabwerako zovala zake zimapita m'beseni asanalowe m'chipinda.